Mganda umene a Fabiano anavina ku Joni

Ku Joni ndinakhalako zaka zisanu ndi zitatu, koma munthu akandifunsa za kumeneko ndimangomuuza za kuzizira ndi za kuthawa apolisi. Zimenezo anthu amaseka nazo, ine n'kupulumuka. Za Lamulungu lina lija sindinkanena ndi pang'ono pomwe, ngakhale kwa mkazi wanga.

Ndinanyamuka kwathu, kufupi ndi Nsaru, chaka chimene fodya anatigwetsa tonse. Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi ziwiri, mkazi wanga n'kundikazingira mtedza wodzaza jumbo, ndipo ndinakhala pa mpando wa basi masiku atatu mpaka mapazi anakana nsapato. Amene anandilandira kumeneko anali a Fabiano. Sitinali pachibale ayi. Iwo kwawo kunali ku Nambuma, koma anakwatira chikamwini m'mudzi wina wa kufupi ndi Kabudula, ndipo akazi awo, aNankhoma, ankaimba kwaya limodzi ndi mlongo wanga. Chibale chonse chinali chimenecho, koma ku Joni n'chokwanira.

A Fabiano anali akulu kwa ine ndi zaka zoposa khumi. Ndinkawatchula kuti achimwene, iwo n'kumanditi mphwanga. Anandipezera ntchito pa yadi imene iwo ankagwira, yokhoma mapaleti, matabwa aja amasanjikapo katundu m'mafakitale. Tsiku loyamba ndinadzimenya chala ndi hamala, chikhadabo n'kuda bii. Iwo anangochiyang'ana n'kunena kuti, "Zatsala zisanu ndi zinayi, zikukwanirani." Tinkagona mu mkhukhu umodzi, kanyumba ka malata komwe nthawi yozizira mumadontha madzi ngati mukugwa mvula. Mwezi woyamba wonse ndinadya zawo. Bulangete anali nalo limodzi lolemera, ndipo anandipatsa ineyo, akuti mafupa awo anazolowera kale.

Munthuyo sankamwa, sankasuta, sankapenya kumbali. Chilichonse chimene wapeza chinkapita kumudzi: malata, simenti, mafuta ophikira, fizi ya mwana wawo Rozina, yemwe anali mmodzi yekhayo. Foni yawo inali kakang'ono kamabatani, komanga ndi mphira. Anyamata a pa yadi ankawaseka kuti ndalama zawo zimangogona usiku umodzi ku Joni, m'mawa zili pa ulendo. Chofooka chawo chinali chimodzi, nyimbo za kwathu. Anali ndi kawailesi kolowetsa kakhadi, ndipo Lamulungu masana, akuchapa ovolosi, mumatha kuona phazi lawo likuyankha ng'oma lokha.

Ndiye titamva kuti gulu lina loimba likubwera kuchokera kumudzi, a Fabiano anachita chinthu chimene chinadabwitsa yadi yonse. Anagula matikiti awiri, yawo ndi yanga, kudakali miyezi iwiri. Anawaika m'buku la mapemphero, ndipo sabata iliyonse ankawatulutsa kuti aone ngati alipobe. Pa pepala lolengeza analemba kuti shoo ya banja lonse, Lamulungu, 12 koloko masana, mipando ilipo, zoziziritsa kukhosi zilipo. Ine ndinagula malaya oyera. Ndinali nditatha zaka zitatu osaona gitala ya kwathu ndi maso, iwo zinayi osaponda kumudzi.

Lamulungulo a Fabiano analawira ku Misa m'tauni, titapangana kuti tikakumana pa khomo la holo. Ine ndinatsala ndikusita malaya anga aja. Cha m'ma 9 koloko foni inalira, nambala ya kumudzi. Anali a Lukiyo, mlongo wawo wa aNankhoma.

"Kodi a Fabiano muli nawo pafupi?"

"Ayi, apita ku Misa."

"Zili bwino choncho. Tamverani. Mlongo wanga uja watisiya m'bandakucha, ku chipatala cha mishoni. Dzulo anangodandaula mutu, basi."

Ndinakhala pa bedi, simbi ili m'manja.

"Thupi lili ku mochale," anapitiriza. "Tiika Lachitatu. Alamuwo akakwera basi ya lero ya 4 koloko ija, atipeza. Mukawauze bwinobwino, mukudziwa za BP yawo. Tadalira inu."

"Ndikupita pompano," ndinatero.

Kwathu uthenga wa maliro sauponya ngati mwala. Munthu umamulondola, umamukhazika pansi, umayamba ndi matenda, kenaka n'kufika pa imfa. N'chifukwa chake a Lukiyo anaimbira ine, osati mwini wake. Za basi nazo zinali zoona. A Fabiano masiku awo a pa pasipoti anali atatha kalekale, choncho sakanakwera basi ina iliyonse. Panali basi imodzi yokha, ya munthu wa kwathu konkuno wodziwa kulankhula ndi a pa malire, ndipo inkanyamuka Lamulungu ndi Lachinayi basi. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe. Ndinamaliza kusita malaya, n'kuwavala.

Ndinawapeza ataima pa khomo la holo, atavala jekete yawo ya ku tchalitchi, matikiti ali m'manja. Atandiona anamwetulira mpaka ndinaona mpata wa dzino limene linachoka. Chifikireni ku Joni ndinali ndisanawaone atasangalala chotero.

"Mwatchena mphwanga. Lero mukwera pa siteji ndinu, eti?"

Ndinadziuza kuti munthuyu watsala ndi maola ochepa oti akondwe, ndimusiye awadye. Ndinawerengetsa mumtima: shoo iyamba 12 koloko, tionera pang'ono, 2 koloko titulukamo, ndiwakhazika pansi, tikatenga chikwama, 4 koloko ali m'basi. Ndinazitcha chifundo. Koma ndinene zoona poti ndayamba. Chifundocho chinali theka. Theka linalo n'lakuti inenso ndinkaifuna shooyo, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangotsegula pakamwa, malaya anga oyera avalidwa pachabe. Mapanga awiri avumbwitsa, akuluakulu ananena kale.

Holoyo inali pansi pa chinyumba china chakale cha nsanjika, yotsikira masitepe ngati ukulowa mu mgodi. M'mawa munkapemphera mpingo wina. Pamene 12 koloko inkakwana, abusa awo anali asanafike n'komwe pa chopereka. Tinaima pa msewu, Amalawi okhaokha mazanamazana, dzuwa likutiswa, m'kati anthu akutulutsa ziwanda. Yemwe anakonza shooyo anali mkulu wina wa kwathu komwe kuno, wa unyolo m'khosi, amene tonse tinkangomutcha Manijala. Ankakwera ndi kutsika masitepe, mafoni awiri m'manja, akuuza aliyense kuti zatsala mphindi khumi.

Pa msewu paja foni yanga inalira kawiri. Ndinaona dzina la a Lukiyo, n'kuibweza m'thumba. A Fabiano yawo anali ataizimitsa polowa ku Misa ndipo anaiwala kuiyatsa. Ndinazindikira zimenezo, koma sindinawakumbutse.

Anatilowetsa 1 koloko itapitirira. Mipando inalimo ndithu monga analembera, koma inali ya mpingo uja, ndipo eni ake anaisanja pa kona n'kuimanga ndi tcheni ndi loko. Mazenera munalibe. Netiweki inathera pa sitepe yachitatu. Zoziziritsa kukhosi zija zinali m'beseni lopanda madzi oundana, zofunda ngati tiyi wa dzulo. Chimbudzi chinali chimodzi cha tonse, amuna ndi akazi, chitseko chake chogwira ndi phazi. Pa khomo panaima alonda awiri a matupi ngati nkhokwe, ndipo chidindo chimene ankayenera kutidinda pa mkono chinali chitauma inki. Choncho lamulo linali limodzi: ukatuluka, watuluka.

Siteji anaipanga posanja mapaleti. A Fabiano anapita kukaigwedeza ndi phazi, n'kuwerama kuona misomali.

"Awa sitinakhome ndife," anatero. "Woimba akadumpha kawiri, timutola pansi."

Ndinaseka nawo. Mnyamata wa zokuzira mawu ankangoti wani thuu, wani thuu, masipika n'kumalira mluzu woboola m'makutu. Zida zonse anazilumikiza pa chingwe chimodzi chodutsa pansi, ndipo munthu akachiponda zonse zinkazima. Oimba kunalibe. Manijala anati ali m'njira. Ena ankanong'ona kuti akanirira ku malo ogona mpaka awapatse zawo.

Cha m'ma 2 koloko magetsi anathima, mdima wa ndiweyani. Mayunitsi anali atatha. Anthu anayatsa matochi a m'mafoni, ana n'kuyamba kulira, mayi wina n'kukomoka ndi kutentha. Tinamva Manijala akukangana ndi mwini nyumba za amene ayenera kugula magetsi, Chingerezi chikuthyoka pakati n'kugwera ku Chichewa. Ine thukuta linali litanyowetsa malaya onse, ndipo silinali la kutentha kokha. Nthawi imene ndinapangana ndi mtima wanga inali itakwana, gitala ndisanaione.

Magetsi atayaka ndinawakoka mkono.

"Achimwene, tiyeni tituluke kaye. Ndili ndi mawu."

"Mawu anji osadikira? Tikatuluka satilowetsanso awa. Nenani pompano."

"Si onena choimirira."

"Nanga mipando mukuiona ili pa loko. Ndiye adikire mawuwo." Anandiyang'anitsitsa, n'kuseka. "Kodi mwapalamula chiyani mphwanga? Mwapereka mimba ku Joni kuno?"

Ndinasekanso. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero kuposa zina zonse. Ndikanangolimbitsa dzanja n'kunena kuti ndi za kumudzi, akananditsatira osafunsanso. Koma mwambo womwewo umene a Lukiyo anandidalira nawo ndinausandutsa pobisalira. Ndinati maliro sanenera m'phokoso, sanenera choimirira. Nthawi yomweyo Manijala anatenga maiki n'kulumbira kuti oimba afika pa kona, mphindi khumi zokha. Munthu amene anali atanama kuyambira masana ndinamukhulupirira, chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira.

Itadutsa 3 koloko anthu anatopa. Mabotolo anayamba kuuluka, ena akufuna ndalama zawo, ena akutuluka motukwana. Pofuna kuziziritsa mitima, wolengeza anaika nyimbo za pa kompyuta n'kuyambitsa mpikisano wovina, boma ndi boma. Anavina a ku Mangochi, anavina a ku Mzimba. Kenaka anakuwa kuti, "A ku Lilongwe ali kuti? Osati a m'tauni, a kumudzi enieni!"

Anyamata a pa yadi yathu ankadziwa kuti a Fabiano pa unyamata wawo anali katswiri wa mganda, gule wa amuna uja wovina mondondozana ngati asilikali. Anayamba kuwakankha. Iwo anakana kamodzi, kawiri, kenaka anavula jekete.

"Tandigwirirani iyi," anandiuza.

Anakwera pa mapaleti paja, n'kutulutsa kampango koyera m'thumba. Nyimboyo sinali ya mganda, koma anaipezera poponda. Msana chilili, chibwano m'mwamba, phazi kutsogolo, phazi kumbuyo, kutembenuka mwa ulemu ngati munthu amene alibe ngongole ndi wina aliyense. Holo yonse inaiwala mkwiyo. Azimayi analulutira, mafoni anakwera m'mwamba kujambula. Ine ndinayang'ana yanga, ndipo inati 3:40. Ndinaima pambali pa siteji nditanyamula jekete ya munthu amene mkazi wake anali gone mu mochale, ndipo anthu ataomba m'manja, inenso ndinaomba.

Oimba anafika 4 koloko itapita kale. Woimba ng'oma anasowa pokhala, anamupatsa ndowa. Maiki inkaduladula mawu, gitala imene ndinaidikira zaka zitatu sinkamveka n'komwe, kunkangomveka besi ikugunda m'chifuwa. Anaimba nyimbo zitatu. Ili pakati yachinayi, mwini nyumba anatsika n'kuzimitsa zonse, akuti nthawi imene analipira yatha. Manijala anali atazemba kale. Tinatuluka mopanikizana pa khomo limodzi lija, wina ataya nsapato, wina akufuna mwana wake. Nyimbo zitatuzo musandifunse, sindinamve ndi imodzi yomwe.

Kunja dzuwa linali litapendeka. Foni yanga inayamba kunjenjemera ndi mauthenga a anthu amene anandisowa. Ndinawatengera a Fabiano pa khonde la sitolo ina yotseka, ndinapeza kireti, n'kuwakhazika. Ndinanjuta patsogolo pawo. Ndinachita zonse mwa dongosolo lake, ngati munthu wolongosoka. Ndinati alamu anadwala mutu. Ndinati anawatengera ku chipatala. Ndinati madokotala anayesetsa.

Iwo anandifunsa funso limodzi.

"Mwamva liti?"

"Pompano, titangotuluka."

Bodzalo linatuluka lokha, losalala. Tinaimbira mwini basi, ndipo anati adutsa kale Pitoliya, tidikire Lachinayi. A Fabiano sanalire pamenepo. Anavala jekete yawo, n'kumanga mabatani mophonya, kenaka anayatsa kafoni kawo n'kuimbira a Lukiyo. Ndinamva yankho la a Lukiyo chifukwa ndinali pafupi.

"Vinani, alamu. Ife kuno tiika tokha."

Foni inadulidwa. Anthu amene anatuluka msanga m'holo muja anali atatumiza kale kavidiyo ka mganda uja kwa abale awo, ndipo pofika madzulo kanali kakuyenda m'manja mwa anthu pa siwa ku Kabudula. Tsiku lotsatira mnyamata wina wa pa yadi anationetsa. A Fabiano anakaonera kamodzi, n'kubweza foni.

"Akwiya n'zomveka," anatero. "Ndikafika ndikawafotokozera kuti sindinkadziwa. Inu ndinu mboni yanga, mphwanga."

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Masiku anayi amenewo ndinawaphikira, ndinawachapira, ndinayenda m'mikhukhu ya anzathu kusonkhetsa chipepeso. Aliyense ankati a Fabiano ali ndi mng'ono weniweni. Lachinayi ndinawanyamulira chikwama mpaka pa basi, ndipo polowa anandigwira dzanja ndi manja awiri.

Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva kwa mlongo wanga patapita nthawi. Anafika Loweruka, maliro ataikidwa kale, pakhomo atasesa, anthu atabalalika. Akuchikazi anawakhazika pa bwalo. Iwo anati sankadziwa kanthu mpaka madzulo. A Lukiyo anatulutsa foni n'kuonetsa anthu onse nthawi imene anandiimbira, ndi kubwereza mawu anga akuti ndikupita pompano. A Fabiano anati, ndiye muimbireni mnzangayo, anene yekha.

Anaimbadi. Ndinali pa yadi, hamala ili m'manja. Foni inalira katatu ndikuiyang'ana. Ndinkadziwa chimene akufuna, ndipo mawu ake anali ochepa, oti mwana angathe kuwanena. Ndinachita mantha ndi manyazi, poganiza kuti dzina langa limveka Nsaru yonse, mkazi wanga ndi mayi anga azilozedwa zala ku tchalitchi. Nditaweruka ndinachotsa simukhadi n'kuiponya mu ngalande. Mwezi usanathe ndinasamuka mu mkhukhu muja n'kukapeza ntchito kwina.

Pa bwalo paja kukhala chete kwanga kunayankha m'malo mwanga. Anthu anati mnzakeyo akuopa kunama, ndiye kuti uthenga anaupereka. Mkamwini mkazi akamwalira amamumasula mwa ulemu, koma a Fabiano anangowauza kuti atenge zovala zawo azipita kwawo. Nyumba ya malata imene anaimanga ndi misomali ya ku Joni inatsala. Zimenezo iwo sanadandaule nazo, poti inali ya mwana. Koma mwanayo, Rozina, wa zaka khumi ndi zisanu, anali ataonera kavidiyo kaja atakhala pafupi ndi bokosi la mayi ake. Bambo ake potsanzika, iye analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ine ndinakhalabe ku Joni zaka zina zisanu. Ndinagwira m'magadeni a azungu, ndinatsuka magalimoto, ndinagonapo m'chitokosi kawiri. Ndalama ndinkatumiza mokhulupirika kuposa kale, ngati kuti zingafafanize kanthu. Mashoo ena ankabwera, anzanga n'kumandiitana, ine n'kumati mutu ukundipweteka.

Nditabwerera ndinapeza nyumba ya njerwa zootcha, mkazi wanga akudziwa mitengo ya feteleza kuposa ine, ana akundipatsa moni wa alendo. Wamng'ono ankabisala kuseri kwa mayi ake ndikalowa. Zonsezo ndinazilandira, ndi malipiro a aliyense wochoka. Chimene sindinkatha n'kuyenda momasuka. Msewu wa ku Nambuma ndinkaulambalala, ku Kabudula sindinkapondako, ndipo pa msika ndinkayamba ndaunguza ndisanatsike njinga.

Koma phiri ndi phiri ndiye sakumana. Tsiku lina la msika pa Nsaru ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Mphwanga."

Anali atakhala pakati pa timipando ndi mabenchi amene ankakhoma okha n'kumagulitsa. Tsitsi lonse linali litayera, thupi litatha. Anasankha kampando kamodzi, anakapukuta ndi dzanja, n'kundipatsa.

"Mwabwera liti?"

"Miyezi inayi yapitayo."

"Mwachita bwino. Kunja kuja si kokalambirako."

Anandifunsa za anyamata a pa yadi, mmodzimmodzi ndi dzina lake. Ine ndinkayankha ndikuyang'ana misomali ya pa benchi. Potsiriza ndinalephera kupirira.

"Achimwene, tsiku lija..."

"Ndikudziwa. Ndinadziwa a Lukiyo atangondionetsa foni ija."

"Nanga bwanji simunandifunefune? Mlongo wanga mumamudziwa, kwathu mumakudziwa."

"Ndikufuneni kuti muukitse ndani?" Ananena mosakweza mawu. "Poyamba ndinakwiya, sindikubisirani. Ndinkakhoma msomali ndikuona mutu wanu. Koma mkwiyo umafuna mphamvu, ine zinatha."

Kunabwera mayi wina kudzafunsa mtengo wa benchi, anakambirana, mayiyo n'kupita osagula. Atatero a Fabiano anandiuza za Rozina. Anakwatiwa chaka chapitacho, ukwati woyera wa ku parishi. Iwo anamvera kwa anthu. Anavala jekete n'kupita, anakhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni, ndipo potuluka mwanayo anawaona n'kuyang'ana kumbali. Tsopano anali ndi khanda, lomwe agogo ake anali asanalinyamulepo.

"Ine za nyumba, za a Lukiyo, ndinazisiya," anatero. "Koma mwana uja amadziwa kuti bambo ake anamva kuti mayi ake afa, n'kukwera pa siteji. Ndikanena ine, ndi bodza la wopalamula. Pakamwa pofunika ndi panu."

Ndinalonjeza kuti ndipita m'mawa mwake. Ndinapita patatha masabata atatu. Ndinati ndiyambe ndakumba mtedza, kenaka ndinati njinga yaphwa, kenaka ndinati ndidikire Loweruka. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo ine matenda amenewa ndinaona kuti ndikadali nawo.

Rozina ankasoka pa khonde la sitolo ina pa Njewa, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Ndinamuzindikira ndisanafunse, nkhope yonse inali ya aNankhoma. Mwana anali kumsana, iye akupalasa makina, akusoka yunifolomu ya sukulu. Ndinapereka moni, ndinatchula dzina langa ndi la mlongo wanga.

"Ndakudziwani," anatero, makina osaima. "Ndinu anzawo a bambo aja. Akutumani?"

"Ayi, mayi. Ndabwera ndi mawu anga."

Anandilozera benchi ya makasitomala. Ndinayamba ndi foni ya 9 koloko. Sindinadumphe kalikonse, ngakhale malaya oyera, ngakhale simukhadi. Makina anapita nachepa liwiro mpaka anaima. Magalimoto ankadutsa pa msewu, ine ndikulankhula ndi chipewa changa chimene ndinachigwira pa maondo.

Nditamaliza anafunsa ngati wapolisi.

"Nthawi imene ankavina ija, ankadziwa?"

"Sankadziwa."

"Inu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Munali pati?"

"Pambali pa siteji."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wa malaya oyera uja, wonyamula jekete, woomba m'manja. Ndinu eti?"

Ndinavomera. Sindinkadziwa kuti ndimaoneka m'kavidiyomo, poti ine ndinakaonera kamodzi kokha, maso ali pa a Fabiano.

"Ndakaonera kambirimbiri," anatero. "Ndikayamba kuwasowa bambo anga, ndinkakaonera kuti mtima ulimbenso. Usiku woti mawa ndi ukwati wanga ndinakaonera." Anapukuta m'maso ndi nsalu ya yunifolomu ija. "Anabweratu ku tchalitchi. Ndinawadutsa ngati chitsa, anthu onse akuona. Inu nthawi imeneyo munali kuti, bambo?"

"Ndinali ku Joni."

"Foni kulibe ku Joniko?"

Ndinati ndalakwa, ndinati andikhululukire, mawu amene ndinawasunga zaka zonsezo, ndipo atatuluka anaoneka ochepa kwambiri. Iye sanati inde, sanati ayi. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira, anamusunthira kutsogolo n'kumuyamwitsa, akuyang'ana msewu.

Ndinafuna kuti ndichiteko kanthu, kalikonse, koti ndichoke pamenepo ndili munthu.

"Ndili pa njinga," ndinatero. "Ndikhoza kudzera ku Nambuma lero lomwe. Ndikawauze bambo anu kuti mwamva, kuti mwina mubwera?"

Rozina anabereka mwana, anamanga chitenje molimba, n'kuvundikira makina ndi nsalu dzuwa lili pamutu. Anauza mwini sitolo kuti amuonere katundu, sabwerera lero. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ayi, bambo. Inu musadzanyamulenso uthenga wa kwathu. Ndipita ndekha."

Anawoloka msewu n'kukaima podikirira minibasi, osacheuka.